Kuchokera ku Chileka Kukatera pa Kabwalo Kopapatiza: Malangizo kwa Ofuna Kuyendetsa Ndege Zing'onozing'ono

Msewu waukulu wotera ndege pa bwalo la Chileka ndi wotalika mamita 2,325, m'lifupi mwake mamita 30. Kandege ka anthu anayi ka Cessna 172, komwe ophunzira ambiri amayambira, mapiko ake kuchoka nsonga ina kufika inzake ndi mamita 11, pomwe matayala ake awiri a m'mbali atalikirana mamita awiri ndi theka basi. Ndiye kuti wophunzira akatera atapatuka mamita asanu kuchoka pa mzere woyera wa pakati, palibe chimamuchitikira. Amatsika bwinobwino akumwetulira. Koma chizolowezi chimenecho amapita nacho ku timabwalo ta kunyanja, ta m'minda ya nzimbe ndi ta m'malo osungira nyama zakutchire, komwe mamita asanu omwewo ndi ngalande, chulu kapena chitsa. N'chifukwa chake malangizo anga onse akuchokera pa mfundo imodzi: kuyambira tsiku loyamba, muziutenga msewu wa ku Chileka ngati ndi wopapatiza kale.

Musanakhudze ndege

Yambani ndi kuchipatala, ndalama musanapereke kusukulu iliyonse. Laisensi ya munthu wouluka payekha, yomwe amati PPL, imafuna chiphaso cha zaumoyo cha Class 2, chochokera kwa dokotala wovomerezedwa ndi oyang'anira zandege, osati dokotala aliyense. Amapima maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, komanso ngati mumasiyanitsa mitundu. Kuvala magalasi sikukuletsani. Koma ngati pali vuto lina, ndi bwino mulidziwe ndalama zanu zili m'thumba.

Kenako funsani ku Malawi Civil Aviation Authority sukulu zomwe amazivomereza. Amalawi ambiri amakaphunzira ku South Africa kapena ku Kenya. Ngati nanunso mukupita kunja, funsiranitu zomwe zidzafunike kuti laisensi yakunjayo idzakuloleni kuyendetsa ndege zolembedwa kwathu kuno, zija nambala yake imayamba ndi 7Q. Malamulo a ICAO, bungwe loona zandege padziko lonse, amati wolandira PPL akhale wa zaka 17 kapena kuposa, atauluka maola osachepera 40. Ku South Africa amafuna 45. Amenewo ndi maola ochepetsetsa, ndipo anthu ambiri amawapyola. PPL sikulolani kulipidwa chifukwa choyendetsa ndege; ofuna ntchito amapitirira mpaka CPL, laisensi yolola kuyendetsa ndege molipidwa, yomwe kawirikawiri imafuna maola 200.

Za ndalama ndinene mawu awiri. Sonkhanitsani zokwanira musanayambe, kuti muziuluka kawiri kapena katatu pa sabata. Wouluka kamodzi pamwezi amalipira kawiri phunziro limodzi, chifukwa manja ndi mapazi amaiwala msanga. Chachiwiri, musapereke ndalama zonse nthawi imodzi. Muzilipira pang'onopang'ono malinga ndi maola omwe mwauluka. Musanalonjeze chilichonse, pemphani ulendo woyesa wa theka la ola ndi mphunzitsi, mumve mmene thupi lanu likulandirira kandege kakamagwedezeka.

Zam'kalasi musazipeputse: malamulo a mlengalenga, zanyengo, kuwerenga mapu, mmene injini ndi mapiko zimagwirira ntchito, ndi kulankhula pa wailesi, komwe kumachitika m'Chingerezi. Zolowereraninso miyezo ya zandege. Kutalika kuchoka pansi kumayezedwa m'mafiti, liwiro m'ma knot. Nambala zolembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege zimanena komwe waloza pa kampasi: ku Chileka 10 ndi chakum'mawa, pa madigiri pafupifupi 100, ndipo 28 ndi msewu womwewo mukaulowera mbali inayo, kuloza kumadzulo.

Nyengo ya kwathu kuno

Wophunzira ndi wa PPL wamba amauluka poona ndi maso. M'mitambo salowa. Blantyre wazunguliridwa ndi mapiri: Michiru ali pafupi ndi Chileka, kenako Ndirande, Soche, Chiradzulu, ndipo chakum'mawa kuli Mulanje, yemwe nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Chiperoni chikabwera m'miyezi yozizira, mitambo imatsika n'kuphimba mapiri onsewa pomwe pansi pakungowaza kamvula. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa moto wa kutchire umadzaza mlengalenga mwakuti malire a dziko ndi thambo saoneka. M'dzinja, mitambo ya mabingu imakonda kukula masana, n'chifukwa chake maphunziro amakoma m'mamawa. Tonse tikukumbukira 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali yopita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, n'kutenga moyo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Luso lonena kuti "lero sindinyamuka" liphunzireni limodzi ndi luso lonyamuka.

Maola oyamba: mapazi

Ulendo uliwonse umayamba ndi kuizungulira ndege muli ndi pepala la ndondomeko m'manja. Pansi pa phiko pali potulutsira mafuta. Mumabaya ndi kabotolo koonekera mkati, n'kukakweza kudzuwa. Mafuta a avgas 100LL ndi obiriwira ngati thambo. Ngati muli madzi, mumawaona atakhala pansi pa kabotolo ngati timikanda toyera. Tayani, tunganinso, mpaka timikandato tithe. Kwerani pamwamba, tsegulani thanki muone mafuta ndi maso anu, osadalira geji. Suzumirani kachitoliro koyezera liwiro ka pansi pa phiko, chifukwa mavu omanga ndi dothi amatha kukatseka ndege itangogona masiku awiri. Onani oyilo, matayala, ndi ngati mbalame sizinamange chisa mu injini.

Mukalowa m'kati, chodabwitsa choyamba n'chakuti pansi ndege siwongoledwa ndi manja. Amene anazolowera galimoto amapotoza chiwongolero, ndege n'kumangopita komwe ikufuna. Amawongola ndi mapazi, pa mapedulo, ndipo mabuleki ali kumtunda kwa mapedulo omwewo. Apa ndi pomwe phunziro la msewu wopapatiza limayambira, ngakhale ambiri sazindikira. Poyenda pansi kupita kokanyamukira, ikani tayala la kutsogolo pa mzere wachikasu ndipo lisachokepo. Popeza mwakhala kumanzere, mzerewo uzioneka ukudutsa cha pa mwendo wanu wakumanja. Mukauyika pakati pa mphuno ya ndege monga mukuionera pampando wanu, ndege imakhala itapendama inu osadziwa.

Ponyamuka, mukakankha throttle, chowonjezera moto wa injini, mpaka kumapeto, ndege ya injini imodzi imakokera kumanzere chifukwa cha kuzungulira kwa propela. Phazi lakumanja ndilo limaibweza. Musadikire kuti ipatuke kaye. Lipondeni pomwe mukuwonjezera moto.

Kumwamba mudzaphunzira kuuluka molunjika, kukwera, kutsika, kukhota, kuuluka pang'onopang'ono, ndi stall, pamene phiko laimikidwa kwambiri motsutsana ndi mphepo mpaka kuleka kunyamula ndege. Mankhwala ake ndi kutsitsa mphuno. Musathamangire kudutsa phunziro louluka pang'onopang'ono, pakuti kutera kulikonse kumachitika pa liwiro lomwelo. Zikatha izi mumalowa mu circuit: kunyamuka, kuzungulira bwalo pa mafiti 1,000 kuchoka pansi, kutera, kunyamukanso, kangapo pa ola. Tsiku lina mphunzitsi amatsika n'kukuuzani kuti zungulirani nokha. Pa kutera konseku dzipatseni lamulo lomwe mwina mayeso sangakufunseni: mzere wa pakati ukhale pakati pa matayala anu awiri nthawi zonse, ndipo mugunde pansi pamalo omwe munasankha muli m'mwamba. Mukaphonya chimodzi, muwerenge kuti kutera kumeneko sikunatheke, ngakhale kunali kofewa ngati pa matiresi.

Maso amanama

Ubongo wanu umasunga chithunzi cha msewu womwe munaphunzirirapo. Mukafika pa msewu wopapatiza kuposa umenewo, umaoneka waung'ono, ndipo ubongo umamasulira kuti muli kumwamba kwambiri. Mumatsika, pomwe munali pabwino kale. Mapeto ake mumabwera chokwawa pamwamba pa mitengo, ndipo pofika pansi mumachedwa kudzutsa mphuno chifukwa m'mbali mwa msewu simunatambasuke monga munazolowera. Msewu wokwera chitunda umanamiza chimodzimodzi. Wotakata umachita zosiyana: wozolowera Chileka akapita ku Kamuzu International Airport, komwe m'lifupi ndi mamita 45, amatha kudzutsa mphuno akadali kumwamba, ndege n'kugwa ngati thumba la chimanga.

Ine zinandichitikira ulendo wanga woyamba pa kabwalo kaudzu, ndili ndi mphunzitsi pambali. Ndinaona ngati ndili kumwamba, ndinachepetsa moto, ndipo mtima wanga unali m'malo. Bamboyo sanagwire chiwongolero. Anangoloza ndi chala pa altimeter, geji yosonyeza kukwera kwa ndege, nati, "Achimwene, werengani apa, kenako muone mitengo ija." Nditayang'ana, nsonga za mitengo ya kumayambiriro kwa bwalo zinali zitayamba kubisa poyambira msewu. Ndinati, "Bwana, ndikubwerera." Anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinakankha throttle, tinakwera, tinazungulira, ndipo ulendo wachiwiri ndinakhulupirira manambala m'malo mwa maso. Manja anali akunjenjemera potsika, koma chithunzi cha mitengo ikukwera kubisa msewu sichinandichoke mpaka lero. Chinthu chilichonse chapatsogolo chikayamba kubisa malo omwe mukufuna kuterapo, muli m'munsi mwa njira yoyenera.

Kukonzekera musanachoke ku Chileka

Pa bwalo lopapatiza lomwe simunaterepo, ulendo woyamba mupite ndi mphunzitsi kapena woyendetsa wodziwa malowo. Laisensi yatsopano sikutanthauza kuti mwakonzeka.

Imbani foni kwa woyang'anira bwalolo tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula. Mabwalo ambiri ang'onoang'ono ali ndi eni ake ndipo amafuna chilolezo. Funsani ngati kwagwa mvula, ngati udzu anatchetcha, mbali yomwe kuli chitunda, komwe kuli mawaya amagetsi, ndi ngati pali munthu wothamangitsa ziweto.

Kenako khalani pansi ndi buku la ndegeyo muwerengetsere mtunda wofunika potera ndi ponyamuka, malinga ndi kulemera kwanu, kutentha kwa tsikulo ndi kukwera kwa malowo. Mpweya wotentha ndi wopepuka. Injini imafooka, mapiko amafuna liwiro lochuluka. Tengani chitsanzo cha Chileka, yemwe ali pa mafiti 2,555 kuchoka pa nyanja yamchere. Pa kukwera kumeneko mabuku amayembekezera kutentha kwa madigiri 10. Masana a Okutobala kukafika madigiri 33, mwapyola ndi 23, ndipo digiri iliyonse imawonjezera pafupifupi mafiti 120. Ndege imachita ngati ili pa mafiti 5,300. Buku la Cessna 172 limanenanso kuti pa udzu wouma muwonjezere magawo 45 pa 100 aliwonse pa mtunda womwe ndege imathamanga pansi ikatera, ndi magawo 15 ponyamuka. Udzu wonyowa ndi woterera kuposa pamenepo. Mphepo yochokera kumbuyo ndi mdani wamkulu: ma knot awiri aliwonse amawonjezera gawo limodzi pa magawo khumi. Manambala a m'bukuwo anawapeza ndi ndege yatsopano ndi woyendetsa waluso, choncho ine ndimawonjezerapo theka lina. Zikapanda kukwana, ndimachepetsa katundu, ndimanyamuka m'mamawa kukuzizira, kapena sindipita.

Mukafika pamwamba pa bwalo

Musatere nthawi yomweyo. Lengezani pa wailesi kuti mwafika, ngakhale palibe woyankha, ndipo dutsani pamwamba muone. Pezani windsock, thumba lija losonyeza mphepo. Ngati lang'ambika kapena palibe, onani utsi wa m'midzi, fumbi, kapena mafunde pamadzi. Kunyanja m'miyezi yozizira, mwera umawomba mwamphamvu kuchokera kummwera chakum'mawa. Ndiye dutsaninso chotsika pang'ono m'mbali mwa msewu, monga mphunzitsi wakuonetserani, mukuyang'ana mbuzi, ng'ombe, ana, njinga, madzi odikha ndi zulu zatsopano. Mabwalo ambiri akumudzi amadulidwa ndi njira ya anthu yopita kuchigayo kapena kumjigo, ndipo mayi wosenza mtolo wa nkhuni samva ndege yomwe yachepetsa moto. Njirayo imaoneka bwino muli m'mwamba. Iikeni m'mutu.

Sankhaninso zizindikiro ziwiri: pomwe mukufuna kugunda pansi, ndi pomwe mudzabwerere ngati matayala sanagunde. Mtengo, nyumba kapena njira ija zimathandiza.

Kutsika ndi kutera

Ulukani circuit yanu ya masiku onse, pa mafiti omwe munazolowera, mukuwerenga altimeter. Osaifupikitsa chifukwa choti bwalo likuoneka laling'ono. Pokhota komaliza lunjikani ndi msewu mukadali kutali. Kumene kulibe mzere wopaka penti, pezani chinthu chomwe chili kutsidya molunjika ndi pakati pa msewu, kaya mtengo kaya phiri, kapena tsatirani mikwasa ya matayala a ndege zina.

Tsitsani ma flap onse, zigawo zosuntha za kumbuyo kwa mapiko, ndipo gwirani liwiro lomwe buku lanena. Pa Cessna 172 ya masiku ano, potera pa bwalo lalifupi ndi ma knot 61. Kukakhala mphepo ya mkokomo wosinthasintha, onjezerani theka la kusiyana kwa mphepo yokhazikika ndi mkokomowo basi. Mantha amakankhira anthu kuwonjezera liwiro, koma liwiro lopyola ndi gawo limodzi pa khumi limatalikitsa mtunda ndi pafupifupi gawo limodzi pa asanu, ndipo ndege imayandama pamwamba pa msewu mphepo ikuikankhira kumbali. Gwiritsani trim, kagudumu kopeputsa chiwongolero m'manja, kuti ndege izigwira yokha liwirolo. Dzanja lamanja lisachoke pa throttle.

Yang'anani malo omwe mwaloza. Akamatsika pagalasi, mukawapitirira. Akamakwera, simukafika. Akangokhala pamodzimodzi n'kumakula, muli panjira. Pa mafiti 300 kuchoka pansi ndimadzifunsa mokweza mawu: liwiro lili bwino, ndalunjika, ndikutsika moyenera, pamsewu palibe kanthu? Yankho limodzi likakhala ayi, ndimabwerera.

Mphepo ya m'mbali ndiyo imavuta kwambiri pa msewu wopapatiza. Yochokera madigiri 30 kuchoka kutsogolo imakukankhani ndi theka la mphamvu yake. Ya madigiri 60 kapena kuposa muiwerenge yonse. Cessna 172 inayesedwa mpaka ma knot 15, koma malire anu inu ongoyamba akhale otsika kwambiri kuposa amenewo. Mukadali m'mwamba lozetsani mphuno pang'ono kumphepo kuti ndege iziyenda molunjika ndi msewu. Poyandikira pansi gawani ntchito pawiri: mapazi alunjikitse mphuno ndi msewu, manja atsitse phiko la kumphepo mokwanira kuti ndege isatengedwe. Tayala la kumphepo ligunde loyamba. Zimaoneka zachilendo koma ndi momwemo.

Podzutsa mphuno, chotsani maso pafupi muwaponye kumapeto kwa msewu, m'mbali mwa diso mukuona udzu ukukwera. Musadikire kuti m'mbali mwa msewu mufike pomwe mumafika ku Chileka, chifukwa simufika. Yesani kutalika ndi zinthu zomwe mukudziwa kukula kwake: udzu, zizindikiro zoyera za m'mbali, munthu woima patali. Chotsani moto, gwirani mphuno m'mwamba, matayala a m'mbali agunde kaye. Pa bwalo lalifupi kugunda kolimba pang'ono pamalo oyenera kumaposa kutera kofewa pakati pa msewu.

Ndege ikadumpha kwambiri, ikapatuka, kapena mwadutsa chizindikiro chanu chachiwiri, bwererani osaganiza kawiri. Throttle yonse, phazi lakumanja, gwirani mphuno isadzuke mopitirira chifukwa trim idzaikankhira kumwamba, ndipo bwezani ma flap pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Dziwaninso kuti mabwalo ena okhala ndi phiri kumapeto ali ndi malo omwe mukawadutsa simungabwererenso. Amenewo ndi a odziwa, musawayambire.

Matayala akagunda ntchito sinathe. Apa ndi pomwe ambiri amatulukira mu msewu, chifukwa amapuma msanga. Maso akhalebe kutsogolo, mapazi azigwira ntchito timaponde ting'onoting'ono tofulumira, chiwongolero chipendekere kumphepo mowonjezera pamene liwiro likutsika, ndipo chikokereni kwa inu kuti tayala la kutsogolo lipepukidwe. Mabuleki pondani onse awiri mofanana, osawakanikiza mpaka matayala kukhukhuluzika. Pa dothi lofewa musaime pakati, mungatitimire. Potembenuka kumapeto, chepetsani liwiro mpaka la munthu woyenda, ndipo yang'anani nsonga za mapiko. Ngati malo sakukwana, zimitsani injini, tsikani, muikankhe ndi manja. Anthu akathamangira kudzaona ndege, makamaka ana, zimitsani injini pomwepo. Propela yozungulira sioneka.

Kuchokapo

Musananyamuke, yendani wapansi msewu wonse. Werengani mapazi, pondani pomwe pakuoneka ponyowa, ndipo ikani chizindikiro pakati penipeni. Pemphani woyang'anira bwalo aime pa njira ya anthu ija. Gwiritsani ntchito msewu wonse kuyambira kumayambiriro, ma flap monga buku lanenera, gwirani mabuleki, perekani moto wonse, onani kuti injini yafika pomwe iyenera, ndiye masulani. Pamiyala yosakhazikika musaime ndi moto wonse, chifukwa propela imayamwa timiyala n'kukumbika. Yambani kuyenda kaye. Mukafika pa chizindikiro cha pakati chija liwiro lisanakwane magawo 70 pa 100 a liwiro lonyamukira, chotsani moto ndi kuima. Tsitsani katundu wina, kapena dikirani dzuwa lipendeke mpweya uzizire, ndiye muyeserenso.